Kodi anzathu a m'bandi akuyenera kumvera nyimbo zathu zapatokha?

Bezi_wa_ku_25:
Akuluakulu, pali nkhani yandikhala pamtima, mundithandize maganizo. Ndimaimba bezi m'bandi ina konkuno ku Lilongwe. Tilipo asanu ndi mmodzi, ndipo chino n'chaka chachinayi tikuimbira limodzi: maukwati, zinkhoswe, komanso Lachisanu lililonse pa loji ina ku Area 47. Mwezi watha ndatulutsa nyimbo zisanu zapandekha. Ndakhala ndikuzijambula pang'onopang'ono ku Kawale, ndalama zake ndikutapa pa zomwe timagawana tikachoka ku ukwati. Tsiku lotulutsa ndinaponya link pa gulu la bandi la WhatsApp. Onse asanu anawerenga. Woimba ng'oma anaika chala chachikulu chija, basi. Lero patha masabata atatu, palibe wanena ngakhale kuti "tamva". Pa status palibe waika. Lachinayi timakumana ku prakatisi, timaseka, timaimba nyimbo za eni ake mpaka usiku, koma zanga zii. Mlamu wanga wa ku Chinsapo, munthu wosadziwa n'komwe kagwiridwe ka gitala, wamvera zonse n'kundiimbira foni. Ndiye ndifunse, ndikulakwa kuyembekezera kuti anthu amene ndimanyamula nawo masipika amvereko nyimbo zanga? Kapena bandi ndi ntchito chabe, tikaweruka aliyense kwawo?

ChembeDread:
Kkkkk aise, chala chachikulucho ndi sapoti kale. Ena tinaponya link, gulu lonse n'kuyamba kukamba za mpira.

Nachisale_Alto:
Simukulakwa achimwene. Munthu amene mumakwera naye lole imodzi kupita ku ukwati ku Mitundu, fumbi lili mbuu, angasowe bwanji mphindi makumi awiri zomvera ntchito yanu? Nyimbo zisanu zokha.

Kiyibodi_Biwi:
Ine ndikutsutsa. Bandi ndi ganyu. Ndimaimba m'mabandi awiri, Lamlungu ku tchalitchi, ndipo pa anthu onsewo pafupifupi aliyense ali ndi kanyimbo kake pa Audiomack. Ndikati ndimvere zonse, ndiike pa status, ndipite ku launch iliyonse, ana anga adya chiyani? Wogwira ntchito ku banki sakakamizidwa kugula mandasi amene mnzake wa muofesi akugulitsa.

Nachisale_Alto:
@Kiyibodi_Biwi koma mandasiwo amagula ndithu. Lowani ofesi iliyonse ku City Centre mukaone.

Kiyibodi_Biwi:
Amagula chifukwa cha njala asisi, osati lamulo.

Injiniya_Kawale:
Ine ntchito yanga ndi kujambula nyimbo, ndiye zoterezi ndimaziona sabata ndi sabata. Kumvera ndi kwina, kusheya ndi kwina, tisaphatikize. Status ndi ya mwini wake. Akaikapo nyimbo waikapo dzina lake, ndipo ngati sanaikonde simungamukakamize kunama pamaso pa anthu ake. Koma pa kumvera ndili mbali yanu, osati chifukwa cha chisoni ayi. Woimba ng'oma amene wakhala kumbuyo kwanu zaka zinayi amadziwa pomwe mumathamanga ndi pomwe mumatsalira kuposa ine amene ndimakuonani maola awiri mu situdiyo. Khutu limenelo simungaligule kulikonse.

Pomwe ambiri mumalakwitsa m'pakuti mumawatumizira nyimbo itatha kale, itakwera kale pa intaneti. Pamenepo munthu anene chiyani? Akati bezi yameza mawu, mukonza bwanji? Ndiye amangoika chala n'kukhala chete. Mnyamata wina anabwera ndi woimba ng'oma wa bandi yawo tsiku la mixing. Mkuluyo sanalowe n'komwe, anakhala pa benchi panja akukukuta chimanga chootcha, akumvera pa zenera. Kenako anangosuzumira n'kunena kuti ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi (kick) ndi bezi zikumenyana pa kolasi. Ndinamveranso, anali kunena zoona, tinakonza mphindi khumi. Nyimboyo sanaiikepo pa status ngakhale kamodzi, koma ndani anathandiza kuposa iyeyo?

Bezi_wa_ku_25:
@Injiniya_Kawale mwandigwira pamenepo bwana. Sindinawaonetse zisanathe. Ndinkaopa kuti aziti ndikufuna kuthawa bandi.

Madala_Makaseti:
Ehe! Nkhani yagona pamenepo mwana wanga. M'bandi mmodzi akayamba kujambula zake, anzake samva nyimbo, amamva mapazi a munthu akulowera kukhomo. Ndipo mantha amenewo si opanda pake, chifukwa oimba ambiri amene timawadziwa anadzera njira yomweyo. Malemu Lucius Banda anakulira mu Alleluya Band ku Balaka pansi pa mkulu wawo Paul Banda, kenako anayamba kutulutsa zawo, mpaka anadzakhazikitsa Zembani. Mu Zembanimo munadutsanso achinyamata amene pambuyo pake anadzaima paokha. Palibe anganene kuti Balaka inaluza nazo. Koma izi timazinena lero patapita zaka. Tsiku limene munthu akutuluka, otsalawo saona choncho.

Ife tinali ndi kabandi kathu ku Mchesi m'zaka za m'ma 1990. Woimba patsogolo anapita ku Blantyre kukajambula kaseti yake osatiuza. Tinadzamva mawu ake pa wailesi tili mu minibasi pa depoti, ine ndi woimba gitala, tinangoyang'anana. Kaseti itatuluka anatibweretsera aliyense yake, anachita kulembapo dzina ndi bolopeni. Yanga ndinaiika pamwamba pa kabati, pulasitiki yake osang'amba. Sikuti ndinkaganiza kuti ndi yoipa. Ndinkaopa kuti ikhala yabwino.

ChembeDread:
Madala, munadzaitsegula koma?

Madala_Makaseti:
Ndinadzaitsegula titabwera kumaliro ake. Nyimbo yachiwiri ya mbali B anatchulamo dzina langa. Tisiyire pomwepo.

Nachisale_Alto:
Eish. Pepani madala.

Ras_Mtandire:
Respect madala. Koma abale, kuimba zako uku uli m'bandi si chinthu chachilendo choti mpaka tidane nacho. Onani kwa Ma Blacks, bandi ya Black Missionaries, ku Chileka. Mtsogoleri wawo Evison Matafale atamwalira mu 2001 bandi sinathe, ndipo Anthony Makondetsa amatulutsa zimbale m'dzina lake koma pa siteji mumamuona ndi bandi yomweyo, shoo imodzi, zida zimodzi. Ku Jamaica nako, Peter Tosh ndi Bunny Wailer atasiyana ndi Bob Marley, mu 1976 aliyense anatulutsa chimbale chake, ndipo abale awiri a Barrett, omwe ankaimbira Bob bezi ndi ng'oma, anaimbanso pa chimbale cha Tosh. Anthu anasiyana njira koma manja ankabwerekanabe.

Kiyibodi_Biwi:
@Ras_Mtandire a ku Chileka aja ambiri ndi apachibale, magazi amodzi. Chibale ndi fupa. Ife tinakumana pa ganyu ya ukwati ku Area 18, wina aliyense anabwera pa kabaza yake.

Ras_Mtandire:
Ndiye zaka zinayi mukudya nsima imodzi kuseri kwa tenti simunakhalebe abale?

Kiyibodi_Biwi:
Nsima yake ya eni ukwati kkkk.

Mfana_wa_Likuni:
Inu mukuiwala nkhani ya bandulo. Munthu wakutumizira link ya YouTube, iwe uli ndi ka WhatsApp bundle kokha. Ukadina, sikutseguka. Ukati umuuze kuti ndilibe data, manyazi. Ndiye umangoika chala. Achimwene a Bezi, munatumiza link kapena audio yeniyeni?

Bezi_wa_ku_25:
Link.

Mfana_wa_Likuni:
Mwaona.

DJ_Kanengo:
Ayi, audio pa WhatsApp ndiye kupha nyimbo kumeneko. Ikangolowa m'gulu limodzi, mawa ili m'ma flash m'ma burning centre onse a mu Old Town, mwini wake osaonapo ngakhale tambala. Link ndiyo imawerengetsa ma stream.

Mfana_wa_Likuni:
Ma stream ake angati amwene? Anthu asanu a m'bandi? Woimba wa kuno ndalama amaiona pa shoo ndi pa ukwati. Nyimbo ikafala m'ma flash ndiye kuti anthu aziitanitsa pa perekani-perekani, ganyu zimabwera choncho.

DJ_Kanengo:
Maganizo amenewo ndi amene akutisaukitsa.

ChembeDread:
Amene akuti alibe nthawi yomvera akaime pa mzere wa mafuta. Ine chimbale cha msuweni wanga ndinachimaliza kawiri ndisanafike pa pampu.

Mfana_wa_Likuni:
Kkkkk lero alipo kuti? Ndazungulira kuyambira m'mawa.

ChembeDread:
Ndamva za ku Kanengo koma mzere wake usaufunse.

Admin_Zoimba:
Abale, za mafuta zili ndi gulu lake. Tibwerere ku funso la a Bezi.

Nachisale_Alto:
Ndibwerere ndi nkhani yanga, chifukwa ena mukuyankhula ngati sapoti ndi status yokha. M'bandi yomwe ndinali kale, anyamata atatu anajambula nyimbo zawo, ndipo onse anandiitana kukaika mawu akumbuyo. Ndinapita. Wina ndinachita kulipira ndekha minibasi mpaka ku Area 36, ndinakhala mu situdiyo kuyambira masana mpaka magetsi atazima, tinadikira, atayaka tinapitiriza. Sindinapemphe kanthu chifukwa ndinkati ndi abale anga. Dzina langa pa nyimbozo silinalembedwe, koma sindinadandaule.

Itakwana nthawi yanga yokhazikitsa chimbale mu holo ya tchalitchi, ndinawapempha kuti adzandiimbire. Anandipatsa mtengo wa ukwati, wathunthu, n'kuwonjezera kuti theka ndiperekeretu pa Airtel Money. Ndinalipira, poti makadi anali atatuluka kale. Anaimba bwino, sindinama. Koma pa prakatisi ndinazindikira kuti palibe ndi mmodzi yemwe anali atamverako nyimbozo, ankaziphunzira pomwepo ndili chiimire, chonsecho ndinawatumizira mwezi wathunthu m'mbuyo. Ndalama sizinandipweteke kwenikweni. Chinandipweteka n'choti woimba gitala anandifunsa kuti, "Kodi iyi ndi ya ndani?" Ine ndili pomwepo ndi maiki m'manja.

Gitala_Lumbadzi:
Asisi, pa kusamvera nyimbozo analakwa, pamenepo palibe chowaikira kumbuyo. Woimba amene walandira ndalama n'kubwera osakonzeka ndi wosalongosoka, kaya nyimbo ndi za mnzake kaya za mlendo. Koma pa kulipiritsa ndiwaikira kumbuyo pang'ono. Zaulere ndi zimene zimadanitsa anthu. Inu munaimba ulere katatu, mumtima mukulemba ngongole, iwo sakudziwa kuti ali ndi ngongole. Mukanati, "Achimwene, ndibwera, koma ya minibasi ndi ya sopo," bwenzi aliyense akudziwa pomwe waima. Komanso launch si mawu akumbuyo a nyimbo imodzi. Ndi prakatisi masiku angapo, kunyamula zida, Loweruka lathunthu lomwe akanaimba kwina. Mtengo wachibale unayenera kukhalapo, inde, koma ulere ayi.

Nachisale_Alto:
Sindinapemphe ulere. Ndinayembekezera kuti wina anena yekha kuti, "Asisi aja anatithandiza." Kupatsa n'kuika, amatero akuluakulu. Ine ndinaika, nditapita kukatenga ndinapeza mulibe.

Gitala_Lumbadzi:
Pamenepo ndavomera.

Bandmaster_36:
Ndiyankhuleko ngati mwini zida, poti ife ndi amene timaoneka oipa pa nkhani zimenezi. Miyezi ya maukwati, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka Disembala, Loweruka lililonse limakhala lolipiridwa kale. Ndiye woimba wako akukuuza Lachitatu kuti Loweruka ali ndi shoo yake ku Salima. Eni ukwati anabuka bandi chifukwa cha mawu a munthu ameneyo. Ukawauza chiyani? Kapena wabwereka mixer ya bandi kukaimbira zake, yabwera channel ziwiri zitapsa, akuti zinali choncho kale. Zikatere ukamva nyimbo yake pa wailesi mtima sukondwa, ngakhale ikhale yokoma bwanji.

Ife tinagwirizana chonchi. Amene ali ndi nyimbo yake amaibweretsa ku prakatisi, timaiphunzira ngati mmene timaphunzirira za eni ake, ndipo Lachisanu tisanapume timaimba imodzi, mwini wake ali kutsogolo. Sabata ino uyu, sabata yamawa wina. Kunena zoona, ndinayambitsa zimenezi kuti ndizidziwa zomwe anyamata akuchita kumbali, osati chifukwa cha mtima wabwino. Koma zinathandiza. Sungaphunzire nyimbo osaimvera, ndiye funso loti wamvera kapena ayi linatha lokha. Masiku a shoo zawo amalemba pa kalendala ya bandi mwezi usanayambe. Mmodzi nyimbo yake inagwira, anthu anayamba kuiitanitsa, patapita chaka anachoka. Tikakhala ndi ukwati waukulu timamuitana, timamulipira ngati mlendo, amabwera.

Kiyibodi_Biwi:
Ndiye munamukonzera nokha njira yochokera.

Bandmaster_36:
Akanachokabe. Kusiyana kwake n'koti foni yanga amayankha.

Mlongo_wa_Drums:
Ine funso langa ndi lina. Bwanji ngati wamvera koma sunaikonde? Mnzanga wa m'bandi anatulutsa nyimbo ya amapiano, ife timaimba afro jazz ndi manganje. Ndinamvera kawiri. Mawu anawathira autotune mpaka osamuzindikira, chonsecho munthuyo ali ndi mawu abwino zedi. Akandifunsa ndimangoti, "Ndimvera madzulo." Miyezi iwiri tsopano. Mwina anzanu a Bezi ali pomwe ndili inepa.

ChembeDread:
Madzulo ake sanafikebe kkkk.

Injiniya_Kawale:
@Mlongo_wa_Drums muuzeni zomwe mwatiuza ifezi, mawu omwewo. "Uli ndi mawu abwino, autotune yakubisa." Si chipongwe chimenecho. Woimba amadziwa kusiyanitsa munthu amene wamvetsera ndi amene akungomusangalatsa. Mukatchula malo enieni, vesi yachiwiri, polowera kolasi, amadziwa kuti munakhala pansi n'kutchera khutu. Angakwiye tsiku limodzi. Koma "ndimvera madzulo" akudziwa kale tanthauzo lake, musaganize kuti ndi wopusa.

Ras_Mtandire:
Koma muuzeni pambali, osati pa gulu la bandi.

Mlongo_wa_Drums:
Nanga akati ndi nsanje?

Madala_Makaseti:
Akatero mudzifunse kaye ngati mulibemo kansanje pang'ono. Kamakhalamo, si tchimo lalikulu. Mukakapeza, kaikeni pambali, kenako munene za autotune.

Kiyibodi_Biwi:
Ine ndikuonabe kuti tikuwasenzetsa anthu katundu. Pagule fumbi ndiwe mwini. Watulutsa nyimbo, ivinire wekha, pita nayo ku mawailesi, ipititse kwa ma DJ. Anzako a m'bandi si mafani ako.

Nachisale_Alto:
Palibe wanena kuti akhale mafani. Gule amene mukunenayo, fumbi ndi la wovina, koma ng'oma amamuimbira ndani?

Bezi_wa_ku_25:
Ndabwerako ku prakatisi, ndikuuzeni mmene zathera. Ndinatsatira malangizo, sindinafunse pa gulu. Titamaliza, tikukulunga mawaya, ndinamutengera pambali woimba kiyibodi, amene ndimagwirizana naye kwambiri, n'kumufunsa ngati anamvera. Anati anamvera zonse katatu tsiku lomwelo. Ndinati nanga bwanji osanena kanthu. Anakhala kaye chete, kenako anayatsanso kiyibodi n'kuimba ma chord a kolasi ya nyimbo yanga yachinayi. Anati, "Ukukumbuka tsiku lomwe tinkadikira jenereta pa chinkhoswe ku Area 49, chaka chatha?" Abale, ndinakumbuka. Iye ankangoseweretsa zala, ine n'kulowetsapo bezi, tinaimba mwina mphindi zisanu, jenereta italira tinasiya. Zinakhala m'mutu mwanga, patapita miyezi ndinkaona ngati ndapeka ndekha. Sindinabe mwadala, Mulungu akudziwa. Koma ndi zake.

Akuti anauza woimba gitala, woimba gitala anauza ena, ndiye onse anangoti tione ngati anene yekha. Masabata atatu ine ndikudandaula kuti sakundimvera, iwo akudikira kuti ndiwatchule.

ChembeDread:
Shaaa. Ndiye chala chija chinali cha "takuona".

Bezi_wa_ku_25:
Ayi, woimba ng'oma yekha ndiye sanamveredi. Akuti foni yake sipika inafa.

Mfana_wa_Likuni:
Ndinanena ine kuti pali nkhani ya foni penapake.

Kiyibodi_Biwi:
Mwaona tsono? Ife a kiyibodi timaberedwa chonchi tsiku lililonse. Munthu amabwera ndi mawu okha, iwe umupangire ma chord, intro, bridge, kenako pa chikuto alembe kuti zonse wapeka yekha.

Gitala_Lumbadzi:
Koma tisathamange. Ma chord okha si nyimbo. Ma chord anayi omwewo ali m'nyimbo zambirimbiri za kwaya ndi za reggae. Ngati ndi kayendedwe ka ma chord basi, palibe mwini. Ngati anatenganso kamzere kamene kiyibodi inkaimba pamwamba, kamene munthu angakaimbe ndi mluzu, pamenepo ndiye pali nkhani.

Bezi_wa_ku_25:
Kamzereko ndi kamene ndikuimba pa kolasi. Ndinangoikapo mawu.

Gitala_Lumbadzi:
Basi, ndi wopeka mnzanu ameneyo.

Injiniya_Kawale:
Zikonzeni pa pepala zisanakule. Kodi munalembetsa kale nyimbozo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo? Ofesi yawo ili konkuno ku Lilongwe. Polembetsa mumatchula amene analemba mawu ndi amene anapeka nyimbo, ndiye pa yachinayiyo mulembe mayina awiri, mugwirizane magawo nonse muli pamodzi. Lero zikuoneka zazing'ono chifukwa nyimbo sinapange ndalama. Ikadzayamba kulira pa wailesi, kapena kampani ikadzaifuna pa malonda, m'pamene anthu amasiya kupatsana moni. Pa Audiomack ndi pa YouTube mukhoza kusintha lero lomwe, muwonjezere dzina lake pofotokoza nyimbo.

Nachisale_Alto:
Ndipo oimba mawu akumbuyo muwalembenso, chonde. Tilipo.

Bandmaster_36:
N'chifukwa chake ine prakatisi iliyonse ndimaika foni pa sipika n'kujambula, ngakhale tikungocheza ndi zida. Mikangano iwiri inathera pa ma recording amenewo.

Mlongo_wa_Drums:
Ine ndamutumizira mnzanga uja voice note ya autotune. Wamvera, sanayankhe. Pakuoneka kuti akulemba, kenako akusiya.

Madala_Makaseti:
Musiyeni alembe.

Bezi_wa_ku_25:
Ku COSOMA sindinapite, tagwirizana kuti tipitira limodzi Lachiwiri. Dzina lake ndaliika kale pa YouTube. Wandiuzanso kuti pa nyimbo yachiwiri bezi ndakweza kwambiri, mawu sakumveka, ndipo yachisanu ndi yaitali ndi vesi yathunthu. Yachiwiriyo ndavomera. Yachisanu ndakana, tinakangana mpaka pa siteji ya minibasi. @Injiniya_Kawale kutsitsa bezi pa nyimbo imodzi mungandichitire zingati?

Injiniya_Kawale:
Bwerani ndi ma file Lolemba m'mawa magetsi asanapite, tikambirana. Mubwere nayenso wa kiyibodiyo.

ChembeDread:
Nanga woimba ng'oma wa sipika yakufa uja? Wina amubwereke ma earphone abale.

Mfana_wa_Likuni:
A Bezi, tumizani audio kuno timvere kolasi yomwe yavutayo. Link ayi.

DJ_Kanengo:
Link.